Kwa Inu Okwera Kumudzi pa Khirisimasi

Pamene mwezi wa Disembala wafika pakati, ndipo dzuwa lija linkaswa mtengo mu Okutobala popanda kamtambo kolitchinga layamba kuwomba pa nthaka yonyowa, n'kudzutsa nthunzi imene imamatiza malaya pamsana munthu asanayende ndi mtunda womwe, msewu waukulu wochokera ku Lilongwe umadzaza ndi ana a ku Dowa ndi ku Ntchisi, amene chaka chonse akhala akutumikira m'maofesi, m'masitolo ndi m'nyumba za eni ake, ndipo tsopano mtima wawakumbutsa kuti kwawo n'kumapiri. Ena amapatuka atangopitirira Lumbadzi kulunjika ku boma la Dowa. Ena amatsikira pa Mponela kudikira galimoto yokwera ku Ntchisi, kapena kabaza wowalowetsa m'midzi ya kwa Dzoole. Ena amapitirira kufikira ku Madisi, m'dziko la Chakhaza. Enanso amatsata msewu wa ku Salima mpaka ku Mvera. Mawu anga a sabata ino ndi a kwa iwowa, pakuti inenso ndine mmodzi wa iwo.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti makolo athu, amene ankadziwa bwino kuwerenga miyezi ndi nkhokwe zawo, sankaika madyerero aakulu m'nyengo ino. Chinamwali, maukwati, mowa wokumbukira amene adatsogola, ndi kutuluka kwa Gule Wamkulu pabwalo, zambiri mwa izi zinkadikira kufikira anthu atakolola, chimanga chili tho m'nkhokwe, chimera chayanikidwa pamphasa, njira zauma, ndipo mlendo wochokera kutali akhoza kugona masiku angapo popanda mwini nyumba kuwerenga mitanda ya nsima. Dzinja linali la khasu. Tsiku la kubadwa kwa Ambuye lidadza m'mapiri muno ndi atumiki a Mawu: Andrew Charles Murray ndi T. C. B. Vlok adamanga msasa wawo pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, kumapeto kwa Novembala wa 1889, kotero kuti Disembala wawo woyamba adawapeza mvula ikugwa ndipo anthu ali m'minda. Ndipo mu 1894 Robert Blake adatsegula Kongwe, kwa Msakambewa, kumene sukulu yotchedwa ndi dzina lake ilipobe lero. Anthu amenewa adachokera ku Cape, kumenenso Khirisimasi imagwa m'nyengo yotentha, choncho si iwo amene adatiphunzitsa kumata thonje pamitengo kuti lioneke ngati chisanu cha ku Ulaya. Zimenezo zidabwera pambuyo pake ndi makadi ndi mazenera a masitolo a m'tauni. Chimene adatisiyira ndi tsiku la pa 25 Disembala, limene silisuntha ngakhale nkhokwe itafika pansi.

Taonani mmene chaka cha mlimi wa kuno chikhalira. Ndalama zake zazikulu zimadza pamene msika wa fodya watsegulidwa ku Kanengo, cha mu Epulo, ndiponso pamene wagulitsa soya ndi mtedza m'miyezi yozizira. Pofika Disembala ndalama zija zidalowa kale m'malata, m'fizi ya ana, m'ngongole, ndipo zotsala zikulimbirana ndi thumba la feteleza, limene mtengo wake wakhala ukuthawa munthu wamba, makamaka chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala wa 2023. M'sabata imodzimodziyo imene ife tikupakira zikwama zathu, iye akupalira chimanga, akuthira feteleza, akupakiza fodya amene adawokera kuchokera kunazale, ndipo maso ake ali kumwamba kuopa ng'amba. Kutsogolo kwake kuli Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene ngakhale banja lolimbika limayamba kudya kamodzi pa tsiku, ndi amuna amasiya minda yawo kukagwira ganyu m'minda ya anzawo. Akuluakulu amene adaona njala ya 1949 atsala owerengeka, koma ya 2002 aliyense wa msinkhu wanga amaikumbukira, ndipo idawawa kwambiri m'miyezi yomweyi.

Pali anzeru ena, makamaka a m'maofesi, amene poona zimenezi amafulumira kudzudzula anthu a kumudzi kuti n'ngosakaza, kuti sayenera kugula mpunga ndi Fanta pamene munda ukulira feteleza. Ine sindili nawo limodzi. Munthu amene wadya nsima ya nkhwani ndi bonongwe miyezi yonse, amene mpunga sumera m'mapiri mwake koma umachita kukwera kuchokera ku Nkhotakota ndi ku Salima, ali nawo ufulu wodya mpunga ndi nkhuku tsiku limodzi pa chaka popanda kuimbidwa mlandu ndi munthu amene amadya zomwezo Lamulungu lililonse. Ndiponso anthuwa sachita mwachimbulimbuli: amayi ambiri amasonkha pang'onopang'ono m'magulu a banki m'khonde chaka chonse, ndipo akagawana mu Disembala amadziwa kale kuti iyi ndi ya feteleza, iyi ndi ya yunifolomu, iyi ndi ya shuga ndi buledi wa tsiku lalikulu.

Ndipo tsikulo, ndithudi, n'lokoma. M'mawa kuli mbee, mame adakali pa udzu ndi nkhungu isanachoke pa phiri la Ntchisi, ana amakhala atasamba kale, atavala za pakaunjika zimene zidabisidwa pansi pa sutikesi kuyambira sabata yatha, ndipo amayenda mosamala kudumpha zithaphwi kuti nsapato zikafike kutchalitchi zili zoyera. Pofika nthawi ya ulaliki malata a denga amakhala atayamba kulira ndi kutentha, amayi a Chigwirizano akudzipepeza ndi mabuku a nyimbo, makanda akulira kumbuyo. Koma ambiri satuluka, pakuti akudikira sewero, mmene abusa a nkhosa, ana a sukulu ya Sande ofunda mabulangete pa dzuwa lotere, amatuluka thukuta lili kamukamu, ndi mfumu Herode, amene chaka chilichonse amapatsidwa kwa mnyamata wanthabwala woposa onse, amapondaponda pansi ndi ukali kufikira agogo omwe agwira nthiti ndi kuseka. Masana mabotolo a Fanta amatulutsidwa mumtsuko wa madzi mmene adamizidwa kuti azizire, Sobo amasungunulidwa mundowa kuti akwanire ana a mudzi wonse, thobwa limayenda m'zikho, ndipo mango ali mbwee pansi pa mitengo osasowa wogula. Dzuwa likapendeka mitambo imaunjikana kum'mawa, mphepo imayamba kununkhira dothi, ng'oma za chimtali ndi za mganda zimalimbana ndi mabingu, ndipo mvula ikabalalitsa bwalo palibe wodandaula, popeza aliyense akudziwa kuti walira mvula walira matope, ndi kuti madzulo ake ngumbi zikhoza kutuluka.

Koma tsopano tizungulire kuseri kwa nyumba, kumene ife obwera sitikonda kupitako. M'kakhitchini kofolera ndi udzu, kopanda zenera, muli mayi amene adadzuka nkhuku zisanatsike, natunga madzi a alendo osamba kawiri pa tsiku chifukwa cha kutentha, ndipo tsopano wagwada pa mafuwa kuuzira nkhuni zonyowa ndi mvula ya dzulo, utsi ukumuliza misozi, mwana wa mchemwali wake ali kumsana. Sewero lija sanalione, pakuti adatuluka m'tchalitchi msanga kudzatereka mpunga. Nkhuku imene ili mumphika si tambala wotsala ayi, koma thadzi limene linkaikira mazira, limene akadaligulitsa mu Febuluwale likadagula ndowa ya chimanga kapena kulipira kabaza wopita ndi mwana wodwala malungo kuchipatala. Walipha chifukwa mwana wa kutauni wabwera ndi mkazi wake, ndipo manyazi sangalole kuti mpongozi adye masamba. Iye adzadya pomaliza, mutu ndi zipalapasiro, ataima. Nkhani ya Marita ndi Mariya timaidziwa tonse, koma sindidamvepo mlaliki akufunsa kuti pa Khirisimasi ya kwathu Marita amapuma nthawi yanji.

Apa ndi pamene pagona mlandu wathu. Pofika pakhomo timati, “Odi kuno!” ndipo amatiyankha, “Odini, fikani, a Phiri. Mwawasiya bwanji kumeneko?” Amatiyalira mkeka, amatilandira zikwama, amatigwadira potipatsa madzi, ndipo ife, pozolowera ulemu umenewu, timaiwala kuti pakhomo pano ndi pamene padakwiriridwa mchombo wathu. Tikafunsa, ngati tafunsa n'komwe, kuti, “Nanga amayi, chakudya chili bwanji chaka chino?” amayankha kuti, “Tilipo, bambo, Mulungu akutisunga”, ndipo mwana wa pakhomo weniweni amadziwa kuti yankho lotere limafuna kuti munthu anyamuke akasuzumire yekha m'nkhokwe. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti mwini nyumba apirire pakuti mlendo sakhalitsa. Koma mwambi umenewu adaupangira mwini nyumba, sadaupangire mwana wobadwira m'nyumbamo kuti azibisalamo. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lochokera ku Area 25 kapena ku Ndirande, likakhala sabata yathunthu litangobwera ndi buledi awiri ndi paketi ya shuga, limachoka litadya ufa wa mwezi wa Januwale, ndipo pochoka limanyamulanso nkhuku, mtedza ndi dengu la mango. Limasiya mudzi monga dzombe lisiyira munda.

Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, kufikira pamene boma lidaletsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ankadziwa kuti munthu sabwerera kwawo chimanjamanja. Pobwera ankanyamula bokosi la chitsulo, bulangete la amayi, jekete la atsibweni, nsalu ya mlongo, kapena njinga. Ndipo amene adachita manyazi kubwera wopanda kanthu adasanduka matchona, zimene zinali zomvetsa chisoni m'njira inanso. Sindikunena kuti wosauka wa m'tauni asapite kwawo. Lendi ndi mtengo wa minibasi, umene umakwera pamene anthu achuluka pa depoti, tikuzidziwa tonse, ndipo chibale ndi fupa, sichiola chifukwa cha thumba lobooka. Amene alibe ndalama ali ndi manja. Tsiku la pa 26, limene boma lidatipatsa kuti tipumule, namsongole sapumula. Ndipo sindidziwa mphatso imene ingakondweretse nkhalamba ya ku Malomo kapena ya kwa Kasakula koposa kuona mwana wake wa tayi atavula nsapato, atatenga khasu m'bandakucha dzuwa lisanakwiye, n'kumaliza naye mizere imene ikanamutengera masiku atatu ali yekha. Matuza a m'manja amapola munthu asanabwerere ku ntchito.

Amene ali nazo, aganize za nthawi yotumizira. Ndalama ya pa Airtel Money kapena pa Mpamba imene yafika kumayambiriro kwa Disembala imasanduka feteleza wogwira chimanga pa nthawi yake. Yomweyo ikafika m'thumba la mwini wake pa 24 imathera pa Mponela, m'mabotolo ogulira anzake a ubwana amene sadzamukumbukira pa 2 Januwale. Za mowa sindinena zambiri, popeza abusa adzanena. Ndingoti kachasu womwera pa dzuwa la masana, m'mimba mopanda kanthu, wagwetsa amuna amphamvu m'ngalande, ndipo njinga yamoto yonyamula anthu atatu pa msewu woterera wa m'mapiri siyendetsedwa ndi munthu amene walawa.

Pali anansi ena amene ndifuna kuwatchula ndisanatseke. Pafupi ndi boma la Dowa pali Dzaleka, pamene kale padali ndende ya andale, ndipo kuyambira 1994 pakhala msasa wa othawa nkhondo; lero pali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Iwo alibe minibasi imene ingawafikitse kwawo pa Khirisimasi, ndipo ana awo ambiri adabadwira pomwepo osaonako mudzi wa makolo awo. Ife amene tili nako kokwera, ndipo amayi akali moyo kutiyalira mkeka, tisayese chinthu chimenechi chopepuka.

Chifukwa chake, abale anga, kwerani kumudzi. Musalole kutentha kapena matope kukuletsani, pakuti nkhalamba zathu zikutha ndipo mawu a pafoni salowa m'malo mwa nkhope. Koma mpunga, mafuta, mchere ndi nkhuku ya tsikulo mugule ndinu, ndipo muwerengere ufa wa pakamwa ponse pamene mwabwera napo. Ana anu aakazi ndi aamuna omwe akatunge madzi pamodzi ndi asuweni awo. Alamu anu amene akhala pa mafuwa chaka chonse muwalandire mthiko, akakhale m'tchalitchi kufikira Herode atamaliza ukali wake. Ndipo pa tsiku lotsazika, amayi akayamba kuthamangitsa thadzi lotsala kuti akupatsireni kamba wa panjira, muwagwire dzanja mwaulemu, muwauze kuti nkhukuyo ikhale, mudzaidya pa Pasaka.