Pumbwa akuimbabe, nanga chule wa pathanthwe?

Alamu ya pafoni isanalire, pumbwa amakhala atandidzutsa kale. Kuno ku Zakazaka mbalameyi ili paliponse: mutu wakuda, kunsi kwa mchira kwachikasu, ndipo papaya likangopsa, woyamba kulawa ndi iyeyo. Tili ana tinkamusaka ndi malegeni, koma mpaka lero sanachepe. Mukadula mtengo wachilengedwe n'kubzala gwafa, iye amangosamukira m'gwafamo.

Tsono kwerani phiri la Zomba. Kumeneko kuli kachule kamene ambirife sitinakaonepo, ine ndemwe sindinakaone. Dzina lake la sayansi ndi Ptychadena broadleyi. Kanapatsidwa dzinali mu 1972 polemekeza Donald Broadley, katswiri wa njoka ndi achule amene ankagwira ntchito ku Zimbabwe. Padziko lonse lapansi kachuleka kamadziwika ku Zomba ndi ku Mulanje basi.

Ana ake sakulira m'zithaphwi ngati a achule a kudimba. Mbululu zake zimakulira pathanthwe lonyowa, m'timadzi totsetsereka pamwala toti simungatunge ngakhale ndi sipuni. Timadzito timachokera m'nthaka ya kumtunda kwa thanthwelo, imene imasunga mvula ngati siponji n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Nthakayo ikasiyidwa pambalambanda, kaya ndi nkhwangwa ya wootcha makala kapena moto wa m'chilimwe, madzi a mvula amangothamanga tsiku limodzi, mawa lake mwala uli gwa. Pumbwa zikavuta amaulukira kwa aneba. Nanga mbululu ilowera kuti?

Apa m'pamene pumbwa amatipusitsa. Tikamva kuimba kwake timati zinthu zikadali bwino, chonsecho iye angaimbe ngakhale phiri lonse litameta mpala. Ameneyu musamufunse za nkhalango, ndi mnzathu wa m'tauni.

Kachule kaja ndiye nkhani yake ikutikhudza, chifukwa madzi otsika pang'onopang'ono omwewo ndi amene amadzaza mtsinje wa Mulunguzi mvula ikatha, ndipo damu la Mulunguzi ndi limene limamwetsa mzinda wa Zomba. Sikuti ine ndine woyera ayi. Magetsi akathima ndimakoleza mbaula ngati wina aliyense, ndipo sindinamufunsepo wogulitsa makala kuti mtengowo anaudula kuti.

Loweruka likubwerali ndikwera cha ku Williams Falls. Ulendo uno kamera ya foni ndiilozetsa pamiyala yonyowa, osati pankhope yanga.