Mwana Akakonda Masewera Olimbana

Omvera athu ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona, madzulo ano tikambirane za ana omwe amagwetsana pamchenga kuseri kwa nyumba. Makolo ambiri tikawaona timathamangira chikwapu, n'kumati akuphunzira ndewu. Koma mphamvu imeneyi ikapeza mphunzitsi wabwino imasanduka luso.

Mu Disembala 2022, mzinda wathu wa Lilongwe unalandira masewera a achinyamata a mayiko a kumwera kwa Africa otchedwa Region 5, ndipo judo ndi nkhonya zinali m'gulu la mipikisano. Mu 2018, mtsikana wa kuno ku Malawi, Anisha Basheel, anapambana lamba wa nkhonya wa Commonwealth ku London. Aliyense wa akatswiriwa anali mwana wa munthu.

Choncho amayi ndi abambo, pitani mukamuone mphunzitsi wa mwana wanu maso ndi maso. Onetsetsani kuti mwanayo akulimbana ndi anzake ofanana naye msinkhu ndi kulemera, wadya asanapite, ndipo sukulu sakujomba. Akagonja musamunyoze, mumutsuke mabala, mumulimbitse mtima. Mwana wamkazi musamutsekereze.

M'mera mpoyamba. Loweruka likubwerali, mumuperekeze mwana wanu kokonzekera masewera.