Pepala lachitatu lija

Alamu anga a kufupi ndi Embangweni anavutika kupeza chitenje chovala m'miyezi ya kampeni ya 2025. Chabuluu sakanavala, anthu akanati ndi a DPP. Chachikasu akanati UDF, chofiira UTM, chaolenji PP, ndipo chilichonse chosakaniza kubiriwira, kuda ndi kufiira chikanawasandutsa a Kongeresi. Anatsala ndi chimodzi chakhofi, chosuluka, chimene ankachapa madzulo n'kuvalanso m'mawa. Ndinawaseka. Iwo anangoti, "Alamu, inu mumalemba muli pampando. Ine ndimaima pamaso pa anthu."

Mayiwa ndi mmodzi mwa anthu amene amadzipereka kuphunzitsa anzawo za chisankho. Salandira malipiro. Ali ndi njinga yakapalasa, chikwama cha pulasitiki, ndi chipepala chachikulu chosonyeza maonekedwe a pepala loponyera voti. Tsiku lina mu Ogasiti ndinawatsatira ku msonkhano wawo, pansi pa mtengo kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale. Panasonkhana anthu mwina makumi anayi, ambiri amayi. Asanatsegule n'komwe chikwama, bambo wina anakweza dzanja.

"Amama, pamapeto pali kanthu?"

Zonse zinkayankhulidwa m'Chitumbuka, ine ndikungomasulira. Alamu anayankha kuti palibe kanthu, adada, ngakhale fanta. Bamboyo anadzuka, anasansa fumbi pathalauza, anthu ena asanu n'kumutsatira. Otsalawo anaseka pang'ono, msonkhano n'kuyamba.

Alamu anafunsa ngati anthu akuwadziwa amene akupikisana pa upulezidenti. Mayina anatuluka ngati mbuliwuli mu chiwaya. Pa uphungu, chimodzimodzi, mpaka ena kutchula mtundu wa galimoto ya aliyense. Kenako anafunsa kuti amene akufuna ukhansala mu wodi imeneyo ndi angati. Panali zii. Wina anati awiri, wina anati anayi. Agogo ena amene anakhala kutsogolo atatambasula miyendo ndi amene ananena zoona: "Mwana wanga, pepala lachitatulo ife timangoyang'ana chizindikiro chimene tachonga pa loyamba paja, n'kuchonganso chomwecho."

Mawu a agogowa ndakhala ndikuwaganizira. Timati chisankho cha patatu, koma m'mitu mwathu ndi cha pawiri, chachitatucho n'chongoperekeza. Ndipo sindingawadzudzule agogowo, chifukwa umbuli umenewu tinachita kuphunzitsidwa. Lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa mu 1998, makhansala tinasankha mu Novembala 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, basi. Boma linangozengereza, chisankho china cha makhansala n'kudzachitika pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi popanda khansala ngakhale mmodzi m'dziko lonse. Mwana amene anayamba sitandade 1 mu 2005 anafika ku sekondale asanamuonepo munthu wotchedwa khansala. M'zaka zomwezo, mu 2006, ndi pamene kunabwera thumba la chitukuko la CDF, ndipo phungu anasanduka zonse: wokumba mjigo, womanga mlatho, wogula bokosi la maliro, wonyamula odwala usiku. Khansala pobwerera anapeza malo ake atakhalapo wina.

Kuno ku Mzimba nkhaniyi imapweteka kwambiri chifukwa cha kukula kwa boma lathu. Palibe boma lina m'Malawi lotambalala ngati ili, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Munthu wa kwa Inkosi Khosolo kapena ku Luwerezi kuti akafike ku maofesi a khonsolo ya M'mbelwa pa Boma, ndi ulendo wodzukira mbandakucha, ndipo nthawi ya dzinja mwina osafika n'komwe. Phungu nthawi zambiri amakhala ku Lilongwe. Munthu wosankhidwa amene mungakumane naye pachigayo kapena pamaliro, n'kumugwira malaya, ndi khansala. Ndiye amene amakhala pamene akugawa ndalama za midadada ya sukulu, timisewu ta m'midzi, mijigo, zimbudzi za pamsika. Mayi wogulitsa tomato pa Jenda akamadula tikiti ya msika tsiku ndi tsiku, ndalama imeneyo imapita ku khonsolo, ndipo womuimira kumeneko ndi yemwe uja wa pa pepala lachitatu, amene sakumudziwa dzina.

Alamu anathera nthawi yambiri pamenepa. Anajambula pansi ndi kamtengo: apa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, apa ya dera la mfumu yaikulu, ADC, apa khonsolo. Anafotokoza kuti pempho la mjigo limayenda njira imeneyi, ndipo likafika kumtunda, khansala ndi amene amaliyankhulira kapena kuligonera. Bambo wina anafunsa za msewu wa Jenda-Edingeni, umene wakhala m'kamwa mwa andale zaka zambirimbiri. Iwo anayankha kuti umenewo si wa khansala, ndi wa boma lalikulu, ndipo wofuna ukhansala akakulonjezani phula, dziwani kuti akukunamizani kapena ntchito yake sakuidziwa. Pamenepo anthu anaombera m'manja. Ndikuganiza kuti chiganizo chimenechi chinaposa mapepala onse amene anagawidwa chaka chimenecho.

Anthu ngati alamu angawa alipo ambiri, kungoti sawoneka pa kanema. Bungwe la NICE, limene linayamba mu 1999 ndi thandizo la European Union n'kudzakhala loima palokha mu 2012, mphamvu zake zagona pa anthu ongodzipereka a m'midzi. Kumpoto kuno kulinso nthambi ya Church and Society ya sinodi ya Livingstonia, ndi CCJP ya Akatolika mu dayosizi ya Mzuzu. Wailesi ya Mzimba Community nayo imafalitsa uthenga m'chiyankhulo chimene anthu amamva. Mwambo wophunzitsana chonchi ndi wakale ndithu. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene tinkasankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, uthenga wambiri unayenda pakamwa, anthu akutuluka m'tchalitchi, ena akunong'onezana chifukwa mantha anali asanathe. Bambo anga anaphunzira za nyali kwa mkulu wa mpingo, osati kwa wandale.

Mu 2025 katundu amene anthuwa anasenza anali wolemera. Malire anali atasintha: madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229, mawodi pa 462 kufika pa 509, kotero panali anthu amene anagona m'dera lina n'kudzuka ali m'dera lina osasamuka. Polembetsa pankafunika chiphaso cha unzika. Malo oponyera voti ankatsekedwa 4 koloko masana, osati 6 koloko monga tinazolowera, ndipo amene amayamba wapita kudimba kuti adzavota dzuwa likapepa anayenera kuuzidwa. Panalinso za 50+1, zimene zinabwera ndi chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 chija chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Ambiri ankaganiza kuti lamuloli likukhudza mapepala onse atatu, pamene ndi la pulezidenti yekha. Khansala amapambana ngakhale ataposa mnzake ndi voti imodzi. Alamu ankabwereza zimenezi kawirikawiri, ndipo ndinaona kuti anthu akamva za voti imodziyo amakhala tsonga.

Pali china chimene munthu wochokera ku Lilongwe ndi galimoto ya zimkuzamawu sangachidziwe. M'midzi yambiri ya kuno amuna ali ku Joni. Malamulo athu salola munthu kuvota ali kunja, ndiye mavoti a amunawo amatayika, koma maganizo awo satayika: amabwera pa WhatsApp, limodzi ndi ndalama ya feteleza. Mayi wina wachitsikana, mwana ali kumbuyo, anafunsa motsitsa mawu kuti ngati bambo a kunyumba anena kuti uvotere wakuti, iwe n'kuvotera wina, kodi zimadziwika? Ena anaseka, koma alamu sanaseke. Anamuuza kuti m'kachipinda kovotera muja mumalowa nokha, pepala mumapinda nokha, m'bokosi mumaponya nokha, ndipo palibe dzina lanu papepalapo. "Foni ya ku Joni simalowa m'menemo," anatero. Funso lotere munthu sangafunse mlendo. Amafunsa mnzake amene amatunga naye madzi pamjigo umodzi.

Ndisanamizire kuti zonse zinali zokoma. Kumudzi wina alamu anawabweza, ati mwatumidwa ndi chipani. Kwina nyakwawa inafuna kaye ya sopo isanamenye belu. Tsiku lina msonkhano unathera pakati chifukwa kunamveka kuti wandale wina akugawa nsalu ndi ndalama pabwalo la mpira, ngakhale lamulo la zipani la 2018 limaletsa zogawagawazo. Anthu anathamangira komweko, ndipo ine sindiwaweruza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene alibe mchere m'nyumba sungamuuze kuti asiye K2,000 akamvere za VDC. Chimene chimandinyansa ine ndi china: maphunziro a aphunzitsi a aphunzitsi amachitikira m'mahotela, ndi chakudya chamasana ndi alawansi yogonera, pamene munthu womaliza, amene amakafikadi pansi pa mtengo, amagula yekha chubu cha njinga. Ndalama ya maphunziro a zachisankho imatha ikutsika, ngati madzi mu ngalande ya mchenga.

Chinanso n'chakuti anthuwa timawakumbukira chisankho chikayandikira basi. Pa 16 Sepitembala 2025 tinavota, a Peter Mutharika anapambana, zikwangwani zinayamba kusuluka pamitengo, ndipo nkhani ya kuphunzitsa anthu inazilala. Koma kuchonga papepala ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo Amalawi timaidziwa kale. Chovuta ndi zaka zisanu zotsatirazo: kudziwa kuti khonsolo imakumana liti, kuti ndalama zimene zabwera ndi zingati, kuti mdadada wa sukulu umene unalembedwa kuti watha ulidi ndi denga. Mu Meyi 2025 khoti linagamula, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, kuti aphungu sayenera kuvota m'makhonsolo kapena kuyendetsa thumba la CDF. Kaya andale adzalimbana nacho bwanji chigamulochi, chimene chikutanthauza kwa ife ndi chakuti munthu wa pa pepala lachitatu uja akhoza kukhala ndi mawu pa ndalama zambiri kuposa kale. Ngati tinamusankha mongotsatira chizindikiro, tamupatsa makiyi a nkhokwe munthu amene sitinamuyang'ane nkhope.

N'chifukwa chake ndikanakonda mabungwe ndi mipingo, ngakhalenso mafumu athu kuyambira kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V mpaka nyakwawa, akanawasunga anthu odziperekawa pa ntchito chaka chonse. Sindikunena za malipiro. Ndikunena za zinthu zing'onozing'ono: matayala a njinga, mayunitsi a foni, pepala losonyeza bajeti ya khonsolo lomasuliridwa m'Chitumbuka, ndi mpata wa mphindi khumi pa msonkhano wa mfumu kapena mapemphero akatha. Pa mwambo wa Umthetho ku Hora timasonkhana anthu masauzande chaka ndi chaka, ndipo andale amapatsidwa maikolofoni. Sindinamvepo wina akuitanidwa kuti afotokoze ntchito ya khansala.

Mwezi watha ndinapitanso kwa alamu. Chipepala chachikulu chija anachimata kukhoma pabalaza, pafupi ndi kalendala ya mpingo, ndipo ngodya imodzi yadyedwa ndi chiswe. Zitenje zawo zamitundumitundu anayambiranso kuvala. Ndinawapeza akupopa njinga, ati akupita ku msonkhano wa ADC kukafunsa za mjigo umene unalonjezedwa. Mwamuna wawo, amene ndi mkulu wanga, anali pakhonde akusenda chinangwa.

"Chisankho chinatha kalekale," anatero. "Ukukafunanso chiyani?"

Alamu sanayankhe. Anamangirira chikwama cha pulasitiki chija pakaliyala, n'kundifunsa ngati ndili ndi K1,000 yoti akamatitse tayala lakumbuyo pa Embangweni, chifukwa limaphwa pang'onopang'ono.