Masamu a m'dziwe la kumayadi

Kukamacha, msewu wochokera ku Mtendere ndi ku Kalingalinga umadzaza ndi anthu opita kuntchito kumayadi a ku Kabulonga ndi Ibex Hill mu Lusaka. Mmodzi wa iwo ndi amalume anga, amene atha zaka zambiri akusamalira dziwe losambiramo la abwana awo. Kumeneko amawaitana kuti gadeni boyi, ngakhale kumutu kuli imvi. Dzinali limandiwawa, chifukwa ndinakhalapo pambali pawo akugwira ntchito.

Dziwelo ndi la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi, kuya mita ndi theka. Akachulukitsa amapeza malita 48,000, ndiye kuti zigubu 2,400 za malita 20, zonga zimene amayi amasenza kuchokera ku kiyosiki. Sayamba ndi klorini ayi. Amatunga timadzi m'kabotolo, n'kudonthezamo mankhwala oyezera, n'kuona mtundu umene umasonyeza pH ya madziwo. Ngati pH yapitirira 7.8, klorini amafooka ngakhale muthire wochuluka bwanji, choncho amayamba atsitsa ndi asidi. Madzi a zitsime zokumba za mu Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, n'chifukwa chake pH imakonda kukwera ndiponso ketulo imachita zoyera pansi. pH ikatsika kupitirira 7.2, amathira soda ashi. Akatero m'pamene amatenga HTH, ufa wa klorini: kuti klorini akwere ndi miligalamu imodzi pa lita m'dziwe limeneli, pamafunika magalamu pafupifupi 70. Asidi ndi klorini samaziphatikiza m'ndowa imodzi, poti mpweya wake ukhoza kupha munthu.

Madzulo amabwerera kukomboni, kumene madzi si osambira pocheza koma akumwa ana.

Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018 mmene inavutira ku Kanyama. Inabweranso mu Okutobala 2023, mpaka National Heroes Stadium inasanduka chipatala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mu 2024. Ku Kanyama ndi ku George miyala ya pansi ili ndi ming'alu, ndipo mvula ikagwa, zotuluka m'chimbudzi sizichedwa kufika pachitsime. Botolo la Clorin, klorini wothira m'madzi akumwa, lilipo m'nyumba zambiri, koma kathiridwe kake n'kamene kamandidetsa nkhawa. Ena amadontheza pang'ono kuti botolo likhalitse. Ena amakhuthula mwamantha mpaka madzi kununkha, ana n'kuwakana, n'kukamwa a pachitsime. Ambiri sadikira mphindi 30 zofunika asanamwe madziwo.

Ndinafunsapo kuti, "Amalume, bwanji osangotapako HTH wa kuntchito tizithira m'chigubu?" Anandiyang'ana mwaukali. Anati ufa umene umakwanira zigubu 2,400 sungayezedwe ndi maso pa chigubu chimodzi, ndipo wa m'nyumba ndi wa m'botolo, woyezera pachivindikiro monga alembera. Madzi akakhala amatope, amayamba awasiya adikhe, n'kuwasefa ndi nsalu yoyera, chifukwa dothi limadya klorini asanafike pa tizilombo.

Ndikufuna kuti makomiti a zaumoyo a m'makomboni, akamafuna anthu oima pa kiyosiki nyengo ya mvula, azikumbukira amuna osamalira maiwe onga amalume. Amadziwa kale kuwerenga mtundu wa m'kabotolo, ndipo amakhala nafe mumzere umodzi wa nyumba. Amalume anayamba okha: Loweruka lililonse amakhala pakhonde ndi chigubu, n'kumaonetsa amayi a pafupi pamene chivindikiro chiyenera kulekezera.