Ulendo wokaona nyama usatibweretsere maliro

Ife okhala m'mbali mwa mseu wa Great East pano pa Madzimoyo timaona zambiri mvula ikatha. Kuyambira mwezi wa June kufikira October, magalimoto a alendo amadutsa tsiku ndi tsiku kulowera ku Chipata, kumene amakhota kutsata mseu wa ku Mfuwe. Kale m'magalimoto amenewa munali azungu okhaokha. Masiku ano muli ana a sukulu ndi aphunzitsi ao, amai a m'mipingo, anchito a m'maofesi, ndiponso ana athu okhala ku maiko akunja amene abwera pa chuthi. Ena amatulukira pa Mwami kukaona nyanja ku Malawi, kapena nyama ku Kasungu ndi ku Liwonde. Ici ndi cinthu cokondweretsa, pakuti South Luangwa, imene inakhala National Park mu 1972, ndi cuma cathu, ndipo nkoyenera kuti mwana wa kuno aone njobvu ndi maso ake.

Koma ndiri ndi dandaulo. Mlendo wocokera ku Germany amafika pa Mfuwe atayamba kale kumwa mankhwala oletsa malungo, atalipira inshuwalansi, ndiponso atawerenga zoyenera kubvala. Ife timangokwera ndi kamba wa pa njira, nkumati, "Nkwathu kuno, cingaticite nciani?" Maganizo anga ndi akuti mau amenewa ndiwo amatiika m'ngozi. Ku Malambo si kuno kumtunda. Kuli kutentha kwina, tizirombo tina ndi malamulo ena, ndipo wa ku Chipata akatsikira kumeneko ndi mlendo monga mzungu yemwe.

Ndiyambe ndi malungo. Mwana wa mlongo wanga anakhala ku England zaka zisanu ndi zinai. Atabwera ndi banja lake kudzationa, anakonza zopita ku Mfuwe masiku anai. Mkazi wake ndi ana anali kumwa mapiritsi oletsa malungo tsiku liri lonse, koma iye anaseka ndipo anati, "Amalume, ine ndinakulira pano, malungo ndi ine tidziwana." Patapita masiku khumi atabwerera ku England, anayamba kunjenjemera ndi kusanza. Masiku awiri oyamba anaganiza kuti ndi cimfine, kufikira mkazi wake anauza dotolo kuti acokera ku Zambia. Anacira, koma anagona m'cipatala sabata yathunthu.

Cimene mnyamatayo sanadziwe nciti? Munthu wolumidwa ndi udzudzu caka ndi caka thupi lake limazolowera kulimbana ndi malungo pang'ono. Mphamvu imeneyo imacepa akakhala nthawi yaitali kumalo kopanda malungo, ndipo ana obadwira kunja alibe nkomwe. Tsono abale athu ocokera ku Britain, ku Johannesburg kapena ku America aonane ndi dotolo asananyamuke. Mankhwala oletsa alipo, monga doxycycline, mefloquine ndi atovaquone-proguanil imene ambiri amaidziwa kuti Malarone. Dotolo ndiye asankhe, cifukwa doxycycline sayenera kwa mai wa pakati ndi ana aang'ono. Mankhwalawa amayambidwa ulendo usanayambe ndipo amapitirizidwa munthu atabwerako: Malarone masiku 7, doxycycline masabata anai. Chloroquine amene tinakulira naye analeka kugwira nchito, ncifukwa cake Boma linasinthira ku Coartem kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000.

Kwa ife okhala konkuno, cida cacikuru ndi neti. Ana a sukulu akapita ku Mfuwe nthawi zambiri amagona pansi m'kalasi kapena m'holo, mazenera otsegula cifukwa ca kutentha. Mwana ali yense anyamule neti yake ndi cingwe comangira, ndipo dzuwa likalowa abvale malaya a manja aatali.

Matenda aciwiri ndiwo amene ambiri a ife tinawaiwala, kaodzera. Amafalitsidwa ndi nchenche ya tsetse, imene ena amati kashembe. Mtundu woopsa wa matendawa unadziwika ndi madotolo mu 1910, pamene Stephens ndi Fantham anapima magazi a munthu amene anawatenga m'cigwa ca Luangwa comweci. Kufikira lero anthu amadwalabe, ngakhale si ambiri, ku Luangwa kuno ndiponso ku Malawi pafupi ndi Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza Marsh. Tizirombo take timakhala m'magazi a nyama za kuthengo monga mbawala, ndipo kashembe akayamwa nyama yotere nkudzaluma munthu, amampatsira.

Kashembe amaluma usana ndipo kuluma kwake kumawawa ngati singano. Amakopeka ndi nsaru zakuda ndi za buluu, amatsatanso galimoto yoyenda. Ncifukwa cake operekeza alendo amabvala khaki. Tsono taganizani yunifomu ya masukulu athu ambiri, ndi ya mtundu wanji? Aphunzitsi, lolani ana abvale zobvala za mtundu wa dothi pa tsiku la ulendo, zokhuthala ndi zofika m'miyendo, ndipo podutsa m'nkhalango tsekani mazenera a basi.

Si kashembe ali yense amene ali ndi tizirombo, koma zizindikiro muzidziwe. Pakapita sabata imodzi kapena awiri, pamene panalumidwa pangatupe ndi kucita cironda cowawa. Kenaka thupi limatentha, mutu umawawa, mfundo zimaphwanya. Zonsezi zifanana ndi malungo, ndipo apa ndipo pagona ngozi. Munthu amapimidwa malungo, sapezeka, amapatsidwa Panadol nkubwerera kunyumba. Kapena amamwa Coartem koma osacira. Pamenepo tizirombo tiri kulowera ku ubongo, ndipo mtundu uwu ungaphe m'masabata kapena miyezi yowerengeka. Mankhwala alipo. Kwa zaka zambiri madotolo anadalira jekeseni za suramin ndi melarsoprol, ndipo mu 2024 bungwe la World Health Organization linabvomereza mapiritsi a fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi ku Malawi ndi ku Uganda. Koma dotolo sangacize matenda amene sanawaganizire. Mukadwala mutabwerako, mau anu oyamba pa kliniki akhale akuti, "Ndinali ku Malambo, ndipo kashembe anandiluma." Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano za nyama zenizeni. Mwambo woona nyama poyenda pansi unayambira kwathu kuno. Norman Carr ndiye anauyambitsa, atagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda mu 1950 kupatula malo osungira nyama kuti alendo azilipira pozionera. Operekeza a ku Luangwa amalemba mayeso asanaloledwe kutenga alendo, ndipo poyenda pansi pamakhala sikauti wa mfuti. Ngakhale ziri tero, mu July 2025 amai awiri acikulire, wina wa ku Britain wina wa ku New Zealand, anaphedwa ndi njobvu yaikazi ya mwana mu South Luangwa. Anali ndi owaperekeza, mfuti inaombedwa, koma njobvuyo sinaime. Ngati zotere zingagwere anthu otsata malamulo, nanga wotsika m'galimoto kuti ajambulidwe ndi foni pafupi ndi njobvu?

Malamulo ake ndi osabvuta. Musatsike m'galimoto pokhapokha woperekeza atanena. Musaimirire, musakuwe, musaombe m'manja kuti nyama iceuke. Njobvu ya mwana ipatseni njira yaikuru. Mvuu imatuluka m'madzi usiku kukadya udzu, ndipo ikadzidzimuka imathamangira ku mtsinje, yopanda kusamala amene ali pa njira yake. Cotero pa kampu musayende nokha usiku, ngakhale kupita ku cimbudzi. Itanani mlonda wa tochi. Mu Luangwa muli ng'ona zambiri, ndipo sizioneka madzi akakhala a matope. Kusamba, kucapa kapena kutsuka mbale m'mphepete mwa mtsinje ndi kudzipereka. Anyani a pa kampu musawapatse cakudya. Nyani kapena galu akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani ku cipatala tsiku lomwelo cifukwa ca ciwewe.

Pali ngozi ina imene mzungu sakumana nayo koma ife, ndiyo nkhuli. Wobwera ku Malambo amafunsidwa kunyumba kuti, "Nanga kanyama?" Pa njira pamakhala ogulitsa nyama youma mobisa. Kugula nyama yotere ndi mlandu, ndipo asikauti amene tikali kuwachula a ZAWA akakupezani nayo mudzagona m'selo. Koma coposa mlandu ndi matenda a anthrax. Mu 2011 m'boma la Chama mvuu zambiri zinafa zokha mu Luangwa, anthu anazisenda ndi kudya, ndipo oposa 500 anadwala, asanu anamwalira. Tizirombo ta anthrax sitifa nyama ikaumitsidwa pa dzuwa kapena pa utsi. Timalowa pa khungu la wosenda ndi wonyamula nkucita cironda cakuda pakati, kapena m'mimba mwa wakudya. Nyama youma simungaidziwe ngati inaphedwa kapena inafa yokha. Isiyeni.

Kutentha nakonso kumadwalitsa. Mwezi wa October ku Malambo kumapitirira madigiri 40. Ana okhala pa lole yosaphimba kucokera ku Chipata, mtunda woposa makilomita 100, amafika atauma kukhosi, ena mutu uli kuwawa, ena akomoka. Nyamulani madzi okwanira owiritsa kapena othira klorini, zipewa, ndi mapaketi a ORS amene ambiri timawadziwa kuti madzi a moyo. Nyamukani m'mamawa, ndipo musalole dalaivala amene wamwa mowa kapena wofuna kuyenda usiku, pakuti njobvu zimadutsa mseu pafupi ndi Mfuwe.

Opita ku Malawi aonjezepo ziwiri. Coyamba ndi likodzo. Tizirombo take timacokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa pa khungu munthu posamba, makamaka pa madzi odekha a bango ndi udzu pafupi ndi midzi. Nyanja ya Malawi iri nato m'malo ambiri, ngakhale madzi aoneke oyera. Wosamba m'nyanja akapimitse patapita miyezi iwiri kapena itatu, osadikira kuona magazi m'mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel. Caciwiri ndi ndalama za cipatala. Khadi la NHIMA ndi la zipatala za muno m'Zambia, tsono musalidalire mukadutsa malire. Sungani ndalama yapadera, ndipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, anyamule opitirira masiku a ulendo pamodzi ndi khadi lao la ku kliniki. Kolera inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi mu 2022 ndi 2023, ndipo inabvutanso kwathu kuno mu 2024, cotero zakudya za pa mseu idyani zotentha zokha ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Ndidziwa kuti ena adzati, "Inu mukuopseza anthu, ndipo alendo akaleka kubwera abale athu a ku Mfuwe adzadya ciani?" Yankho langa ndi lakuti cimene cimathamangitsa alendo ndi mbiri ya imfa. Mahotela amauza azungu zonsezi poyera, ndipo azungu amabwerabe caka ndi caka. Ena adzati kukonzekera kufuna ndalama. Neti tiri nazo kale m'nyumba, kuwiritsa madzi kufuna nkhuni cabe, ndipo kupimitsa malungo pa kliniki ya Boma ndi kwaulere, zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Bokosi la maliro ndilo lokwera mtengo.

Pempho langa liri kwa anthu a magulu atatu. Aphunzitsi aakuru ndi atsogoleri a mipingo, musananyamule gulu pitani pa kliniki yapafupi mukapemphe namwino kapena wa zaumoyo adzalankhule ndi opita. Lembani maina a odwala mphumu, khunyu ndi shuga, ndipo dziwani kumene kuli thandizo: kliniki ya Kakumbi iri pa Mfuwe pomwepo, cipatala ca Kamoto ciri m'boma la Mambwe, ndipo akuru a matenda amatumizidwa ku Chipata Central. Anamwino ndi madotolo athu, wodwala wotentha thupi mufunseni kumene wayenda mwezi wathawo, makamaka malungo akapanda kupezeka. Ndipo inu oyang'anira mapaki ndi eni mahotela, macenjezo amene mumalemba m'Cingerezi alembeninso m'Cinyanja, pakuti amai ocokera ku Madzimoyo nao alipira pa geti ndipo moyo wao ndi wofanana ndi wa mlendo wa ku London.

Pitani mukaone nyama, abale anga, ndipo tengani ana. Koma funsani musananyamuke, pakuti safunsa anadya phula. Mukabwerako, sungani tsiku la ulendo m'mutu, ndipo wina akatentha thupi m'masabata otsatira, musayambe ndi mapiritsi a pa kantemba. Mutengereni ku kliniki tsiku lomwelo ndipo munene kumene anali.