Kaundula wa kumudzi ndi wa yani?

Sabata yatha ndinapeza azakhali anga pa msika wa Songani akuunjika tomato, nkhope ili gwaa. Dzina lawo lasowa pa mndandanda wa olandira fetereza wotsika mtengo. Atapempha kuti aone kaundula, anauzidwa kuti za kubwalo la mfumu sizisuzumiridwa. "Mwana wanga, ine ndilimbane ndi mpando?" anatero.

Yankho lotere si la kuno kokha ayi. Ku Britain lamulo lopatsa anthu ufulu woona zikalata za boma linakhazikitsidwa mu 2000, koma nkhokwe ya zolemba za banja lachifumu ku Windsor Castle silimaikhudza. Mtolankhani Rob Evans wa nyuzipepala ya The Guardian anavutika zaka 10 kuti makalata 27 omwe Charles, asanalowe ufumu, analembera nduna za boma atuluke poyera. Anatulukadi mu 2015 khoti lalikulu litagamula. Koma aphungu anali atatseka kale chitseko mu 2010: makalata otere a mfumu ndi mlowam'malo wake tsopano safunsidwanso.

Kwathu kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Oliyang'anira ndi a Malawi Human Rights Commission.

Ine mafumu ndimawalemekeza, ndipo zinsinsi za kusimba kapena zokambirana mbumba posankha mlowaufumu sindizifuna. Zimenezo n'zawo. Koma mndandanda wa fetereza kapena wa Mtukula Pakhomo si mwambo wa makolo. Ndalama zake n'zaboma, mswahara wa amfumu nawo n'ngwaboma, ndipo mapepalawo sathera m'thumba la nyakwawa. Amakafika ku maofesi a boma, komwe lamuloli limatilola kufunsa. Chobisa n'chiyani pa mayina a anthu omwe timakumana nawo pa mjigo m'mawa uliwonse?

Chondiseketsa n'chakuti ku National Archives, pa Zomba pompa, mungawerenge zomwe atsamunda analemba za mafumu a kale, pomwe pepala la chaka chino likuchita kukhala ngati chithumwa.

Azakhali ndawalembera kalata yopempha kuona mndandandawo. Adindapo chala, ngakhale akuopabe kuti adzawakumbukira tsiku logawa malo a manda. Lolemba tikwera minibasi ya ku Zomba, tomato agulitsa mdzukulu.