Mafuta Sadziwa Tsiku la Msambo

Pali uphungu wina womwe ukuyenda pa TikTok ndi pa Instagram, ndipo ine wanditopetsa. Akuti ngati mukufuna kuchepetsa mafuta a pamimba ndi makina aja osang'amba thupi, muziyamba mwayang'ana kalendala ya msambo, chifukwa mukangotha kusamba thupi limakhala "lokonzeka kutaya mafuta". Amayankhula mwaukadaulo, mahomoni apa, mahomoni apo, mpaka munthu kuona ngati wakumana ndi dokotala. Ine ndikuti awa ndi malonda basi, ndipo olipira ndife.

Makina odziwika kwambiri ndi a CoolSculpting. Nzeru yake inachokera kwa madokotala awiri a ku Massachusetts General Hospital ku Boston, Dieter Manstein ndi Rox Anderson, ndipo bungwe la FDA ku America linawaloleza mu 2010. Amayamwa mnofu wa pamimba kapena wa m'mbali n'kuuziziritsa kwa mphindi 35 mpaka ola. Maselo a mafuta sapirira kuzizira ngati khungu, ndiye ena amafa, thupi n'kumawachotsa pang'onopang'ono. Pamalo pomwe makina agwirapo, mafuta amachepa ndi pafupifupi 20 kapena 25 pa 100 alionse, ndipo zimenezi zimaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Si kuonda ayi. Sikelo mwina singasunthe n'komwe.

Miyezi iwiri kapena itatu, achemwali. Pofika pamenepo mwapita kumwezi kawiri kapena katatu. Ndiye tsiku limodzi lomwe munagona pabedi la makinalo lingalamulire bwanji ntchito yodutsa misambo itatu? Selo la mafuta likazizidwa silifunsa kuti lero n'lachingati.

Chomwe msambo umasinthadi ndi madzi. Dzira likatuluka pamadutsa masiku pafupifupi 14 kuti msambo uyambe, ndipo m'masiku amenewa progesterone imakwera kenako n'kutsika. Ambirife thupi limasunga madzi, matumbo amachita ulesi, mimba imatupa, jinzi yomwe inakwana bwinobwino sabata yatha imakana zipi. Ena sikelo imakwera ndi kilo yathunthu. Msambo ukayamba n'kudutsa masiku angapo, zonsezi zimaphwa zokha. Ulere.

Tsopano taganizani: kodi mkazi amadana ndi mimba yake liti? Sabata ya kutupa yomweyo. Ndi pomwe amachedwa pagalasi, ndi pomwe positi yotsitsa mtengo imamugwira mtima. Amapita kukafunsa, amamuyeza ndi tepi tsiku lomwelo, kumujambula chithunzi choyamba ali wotupa. Kenako uphungu uja umabwera mokoma: "Asisi, mubwere mukamaliza kusamba, ndiye imagwira bwino." Abwereradi patatha masiku khumi, makina amuyenda pamimba, tepi ikuti masentimita atsika. Aliyense m'manja! Chithunzi chachiwiri chapita pa status. Ntchito agwira ndi impso ndi matumbo, ulemu walandira ndi makina.

Sindikuti aliyense wa bizinesi imeneyi amachita dala. Ena sanaganizepo n'komwe, koma zimenezo sizinditonthoza, makamaka ndikaona makina otchipa a cavitation, omwe munthu angathe kuoda pa intaneti n'kuwaika kuseri kwa saluni. Amenewa ndi omwe amalonjeza kusintha tsiku lomwelo, chonsecho umboni wawo ndi wochepa. Ndipo kalendala ija ili ndi ntchito inanso. Zikapanda kusintha, wolakwa si makina, ndinu: munabwera tsiku lolakwika, mahomoni anu ndi ovuta, lipiraninso maulendo ena asanu. Komabe, a ife akazi tinazolowera kale kuuzidwa kuti vuto ndi thupi lathu, ndiye timangovomera.

Pali zifukwa ziwiri zoona zoyang'anira msambo, ndipo sindizikana. Ngati mumamva cham'mimba, palibe chifukwa cholola makina oyamwa ndi kuziziritsa pamimba yomwe ikupweteka kale. Dikirani. Chachiwiri n'chachikulu: izi sachita munthu ali woyembekezera, ndiye kupita msambo utangotha kumathandiza kutsimikiza kuti mulibe pathupi. Koma zonsezi ndi nkhani ya ululu ndi chitetezo. Sizichotsa mafuta ngakhale supuni imodzi yowonjezera.

Chomwe chimandipsetsa mtima n'chakuti phokoso la kalendala limakwirira mafunso ofunika. Pali matenda ena a magazi omwe amavuta munthu akazizidwa, monga cryoglobulinemia, ndipo owadwala sayenera kuyandikira makina oziziritsawa. Kodi anakufunsaniko? Palinso vuto lotchedwa paradoxical adipose hyperplasia, pomwe mafuta m'malo mochepa amakula n'kulimba, nthawi zambiri mpaka kufuna opaleshoni yomwe munkaithawa ija. Silichitika kawirikawiri, koma limachitika. Mu 2021 Linda Evangelista, mmodzi mwa ma model otchuka kwambiri a m'ma 1990, anaulula kuti zinamuchitikira, anasumira kampani ya Zeltiq kufuna madola 50 miliyoni, ndipo mu 2022 nkhaniyo anaithetsa mogwirizana. Palibe tsiku la msambo lomwe likanamuteteza.

Thupi ndi lanu, ndalama ndi zanu, ine sindikuletsani. Koma ngati kalendala ili yofunika chonchi, igwire ntchito kwa inu. Musalipire kalikonse m'sabata ya kutupa. Ndipo musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, auzeni kuti akuyezeni pa tsiku lachisanu ndi chiwiri kuchokera pomwe msambo unayamba, m'mawa musanadye, ndi tepi yomweyo, pamalo omwewo, kenako adzakuyezeninso pa tsiku ngati lomwelo pakatha miyezi itatu. Mukanena zimenezo, muwayang'ane nkhope.